Zimbale Zanga pa Njinga ya Alamu

Ndinatha zaka zitatu ndikutolera zimbale za makatuni a ku Japan, nkhani imodzi yaitali ya mtsikana wosula malupanga. Ndikapita ku tauni ndinkagulako chimodzi, mpaka zinakwana khumi ndi ziwiri. Ndinkazisunga m'katoni pansi pa bedi.

Loweruka lina nditatsika minibasi pa Namitete, ndinaona njinga ya kabaza ikunyezimira. Inali ya alamu anga, achimwene awo a akazi anga, omwe tinkakhala nawo chichokereni iwo ku esiteti ya fodya. Nditayandikira, ndinazindikira zomwe zinkanyezimirazo. Zimbale zanga zitatu zinali zitabooledwa ndi msomali n'kumangidwa ndi waya kumbuyo kwa njingayo.

"Kwerani, alamu," anatero.

Ndinakwera. Zimbalezo zinkalira kumbuyo kwanga, ine ndikungougwira mtima. Akazi anga anali atandichenjeza kale kuti achimwene awo akapsa mtima amalongedza katundu n'kumapita. Koma pofika pamlatho ndinalephera kupirira.

"Kodi zimbalezi mwazitenga kuti?"

Anagwira mabuleki mwamphamvu, tonse n'kutsika.

"Mnzathu wa kabaza anagundidwa ndi lole Lachitatu lapitali. Dalaivala akuti sanamuone mumdima, ndiye ndazimanga kuti zizinyezimira. Ndimati n'zotha ntchito. Si za ana izi, eti?"

Chimodzi mwa zitatuzo chinali chomaliza, chomwe ndinali ndisanaonere.

"Zotsalazo musazikhudze," ndinatero.

Tinayenda wapansi mpaka kunyumba, njinga ili pakati pathu, ndipo tinatha sabata yathunthu tikungopatsana moni basi. Chimbale chomalizacho sindinachipezenso pamsika uliwonse.