Wotchi Yotsalira ya a Mivi

Anthu a mumsewu umenewo ankangowatchula kuti a Mivi, poti moyo wawo wonse unathera pa mivi ya mawotchi. Kashopu kawo kanali kothina ngati bokosi la machesi: tebulo, nyali, kagalasi kovala padiso, ndi chitini cha tizitsulo toti ukayetsemula tabalalika. Kuchedwa ankadana nako koopsa. Ukafika mphindi zisanu zitadutsa, ankayamba ayang'ana wotchi yako asanakupatse moni, ngati yolakwa ndi iyo.

Akazi awo atamwalira, anatsala ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, namwino. Tsiku lina mwanayo anatulukira ndi tikiti ya ndege, wapeza ntchito kumzinda wakutali. A Mivi anavala kagalasi kaja n'kuyamba kuifufuza tikitiyo. Kunyamuka 9 koloko m'mawa, kufika 12 koloko masana. Mtima unakhala pansi. Maola atatu okha, kumeneko ndi pakhomo pomwe. Koma m'munsi munalembedwa kuti ulendowo ndi wa maola asanu. Apa mpamene panagona nkhani.

Anawerenga ndi zala, anawerenga ndi pensulo, n'kugamula kuti wolemba tikitiyo masamu anamudutsa kumanzere. Mwanayo anawafotokozera kuti kumeneko dzuwa limatuluka mochedwa, ndiye nthawi yawo imatsalira ndi maola awiri. Bambowo sanakhutire. Munthu wakonza mawotchi zaka makumi anayi, lero auzidwe kuti maola awiri angosowa m'mwamba? Chinawawawa kwenikweni sanachinene: mwana wawo ankapita kutali koti ngakhale nthawi sadzagawana naye.

"Ndiye maola awiriwo akupita kuti?" anafunsa.

"Ndidzawapeza pobwerera, ababa," anayankha akuseka.

Iye ankangocheza, koma iwo anawasunga mawuwo ngati lonjezo. Tsiku lomwe ndege inanyamuka, anakwera pampando n'kubweza m'mbuyo wotchi yaikulu ya pakhoma ndi maola awiri. Makasitomala anapeza poseka. Telala woyandikana nawo ankasuzumira m'mawa uliwonse n'kufunsa ngati m'shopumo kwacha. A Mivi, munthu wosalola mphindi imodzi, ankangomwetulira. Akakweza maso ankadziwa kuti pano mwana akudzuka, pano akuthamangira basi, pano mwina wayiwalanso kudya. Ankamusowa kwambiri, ndipo wotchi yabodzayo ndiyo inkawatonthoza.

Zinatha zaka zitatu. Maso anayamba kuchita chifunga, mawondo kukana kukwera pampando. Kenako inabwera tikiti ina pafoni, telala n'kuwawerengera: kunyamuka 9 koloko, kufika 4 koloko madzulo, ulendo wa maola asanu omwe aja. A Mivi anawerenga ndi zala. Maola awiri aja anali momwemo, osasowa ngakhale mphindi. Tsiku limenelo anakonza mawotchi akuimba, chinthu chomwe telala anali asanamvepo.

Namwino uja atalowa m'shopu anaona khoma n'kuima chilili. Anayang'ana wotchi yake, anayang'ananso pakhoma, misozi n'kulengeza. Anakoka mpando n'kukwerapo.

"Wabwera masiku angati?" anafunsa a Mivi.

"Masabata awiri, ababa."

Bambowo anamugwirira mpando kuti usagwedere, iye n'kukankha mivi mpaka inagwirizana ndi mawotchi ena onse.

"Yakhala bwino," anatero a Mivi. "Koma tsiku lopita udzayibweze wekha, mwanawe. Ine kachiwiri sindingathe."