Mphemvu mu laputopu ya achemwali

Linali Lachisanu, 2 koloko masana, pamene achemwali anga anandiuza kuti laputopu yawo ikukana kugwira netiweki. Kalata yawo yofunsira ntchito ya uphunzitsi inayenera kupita pa intaneti 5 koloko isanakwane. Laputopuyo ndinaisunga ndine milungu isanu, iwo akudwazika mayi kuchipatala.

Tinakwera kabaza kuchoka ku Domasi mpaka pa Songani, ine mwana ali kumsana. Wokonza makompyuta anali bambo wina wamfupi, wolongolola. M'kashopu kake munali anthu angapo otchajitsa mafoni.

Bamboyo anati mkati mwa laputopu muli kachipangizo kotchedwa adaputa, ndiko kamakoka netiweki. Analamula kompyuta kuti idziyeze yokha. Inazungulira, kenako inaonetsa mtanda wofiira. Anaizimitsa, kuyatsanso, mtanda womwewo. Anafufuta pulogalamu yoyendetsa adaputayo n'kuika ina. Mtanda. Ine Chingerezi cha pagalasipo sindinkachimva, koma nkhope ya achemwali ndinkaiwerenga.

Kenako bamboyo anaweramira pomwe pamatuluka mphepo yotentha, n'kukwinya mphuno.

"Asisi, imeneyi mumasungiramo usipa?"

"Achimwene, nthawi ikutha," anatero achemwali. "Tsegulani."

Atamasula zomangira n'kutukula chivundikiro, mphemvu zinakhuthukira patebulo. Zazikulu, zazing'ono, zina zoyera ngati zangosenda khungu. Fungo lake linali ngati la m'kabati yonyowa. Imodzi inandikwera pamkono kulunjika kwa mwana. Ndinaiphwanya ndi chala, zamkati zake n'kundimatirira. Malovu anadzaza m'kamwa, ndinatuluka kukalavula.

Pobwerera ndinapeza bamboyo wanyamula kachipangizo kaja pofuna kuti aliyense aone. Kanali kochepa ngati sitampa, kokutidwa ndi zitosi zakuda, ndipo mazira anamatirira m'mbali mwake.

"Onani alendi awa! Mudzi wathunthu, mfumu yawo ndi iyo ikuthawayo. Netiweki ikanadutsa pati?"

Anthu anaseka. Achemwali sanaseke.

"Iwe, unaiika pati?"

Ndinayankha motsitsa, maso ali pansi. Ndinkaopa akuba, ndiye ndinaikulunga m'chitenje n'kuikwirira m'thumba la madeya, kuseri kwa mbale, chifukwa wakuba sapisa dzanja m'madeya. Pofika iwo ndinali nditaipukuta bwinobwino kunja kwake. Sindinkadziwa kuti chinthu chotseka chonchija n'kuloweka.

"M'madeya," anabwereza achemwali. "Ngati nkhuku."

Bamboyo anatsuka kachipangizoko ndi sipiriti ndi mswachi wakale. Zimene zinkatsika pamswachipo sindifuna kuzikumbukira. Anakabwezera, kompyuta inadziyezanso, mtanda unabweranso. Anati zitosi zadya timawaya take, kafa basi. Apo n'kuti 4 koloko itadutsa.

Anasanthula m'katoni n'kupeza adaputa ina yobaya kunja, yonga chala cha mwana. Itabayidwa, timizere ta netiweki tinayaka. Achemwali analemba ataimirira. Kamphemvu kena kanatulukira pakati pa mabatani, iwo anakakankha ndi chikhadabo osasiya kulemba. Kalata inapita kutatsala mphindi khumi.

Pobwerera tinayenda pansi. Ndinayesa kuwalandira chikwama, anakana. Titafika pamphambano anaima.

"Akandiitana kukayesedwa, zovala zanga ndikasiya kwa azakhali. Kwako sindisiyanso kanthu. Mwanayu amagona m'nyumba yomweyo?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kuseka kwa m'shopu muja. Nditalowa m'nyumba mwanga ndinamva fungo lija, lomwe masiku onsewa sindinkalimva. Chakudya chinandikanika.

Kutacha ndinasiya mwana kwa aneba. Ndinatulutsa zonse pabwalo, mphasa, mbale, madengu. Madeya ndinakhuthulira nkhuku, thumba n'kuliwotcha. Ndinawiritsa madzi ndowa zitatu n'kuthira m'ming'alu yonse ya khoma, kenako ndinatsikira kudambo kukakumba dothi lozirira nyumba.