Nyimbo ya Abambo Imene Ndinaifufuta M'foni

Mawu a abambo ndinawafufuta m'foni ndi chala changa chomwechi. Ndinawajambula akuimba nyimbo ya Chiyao pakhonde kwathu ku Sadzi, patatsala miyezi yochepa kuti atisiye. Foni itadzaza, mnzanga wa kuntchito ku Chirunga anandilangiza kuti nyimboyo ndiisunge pa intaneti, kumene sikufika chiswe kapena wakuba. Ndinamvera, malo otsalawo n'kudzazamo mavidiyo a kwaya yathu. Ndinkadziona wochenjera.

Chaka chotsatira amayi anadwala kwambiri. M'mawa wina, mvula yamkuntho itagwetsa mapolo a magetsi, anandiitana kuchipinda n'kundipempha kuti ndiwaikire nyimbo ya amuna awo. Ndinatsegula foni. Kachizindikiro kanangozungulira, kuzungulirazungulira. Netiweki panalibe.

Ndinawauza kuti adikire pang'ono. Ndinazungulira pabwalo foni ili m'mwamba ngati wothyola mango. Ndinatsikira m'tauni, wogulitsa mayunitsi n'kundiuza kuti Zomba yense ali choncho, ndikayese kuphiri. Ndinakwera wapansi njira ya ku Mulunguzi, matope mpaka mu akakolo, ndikudutsana ndi azimayi osenza nkhuni amene ankandiyang'ana modabwa. Pathanthwe lina panatulukira kamzere kamodzi ka netiweki. Ndinaima chilili, mkono m'mwamba mpaka kuchita dzanzi. Kanathawa. Ndinatukwana mokweza, ine munthu wa kwaya. Ndinakwiyira mnzanga uja, kampani ya foni, ngakhale mvula, pofuna kuiwala kuti wofufutayo ndinali ine. Batire itatha ndinatsika.

Amayi anayamba ayang'ana matope a m'mapazi mwanga.

"Kodi abambo ako unawasunga kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za makompyuta akuluakulu a kutsidya kwa nyanja, amene sataya kanthu. Sanandilole kumaliza.

"Ndiye kuti alipo?"

"Alipo, amayi."

"Koma sungawafikire." Anatembenukira kukhoma. "Basi, chimodzimodzi ine."

Ndinayesa kuimba ndekha nyimboyo. Chiyao changa n'chopunduka, ndipo ndime yachiwiri sindinaiphunzirepo chifukwa ndinkati ilipo, yasungika. Anangondigwira dzanja kuti ndisiye.

Netiweki inabwera tsiku lachinayi, tili pasiwa, amayi atatisiya. Foni, imene wina anakaitchajitsa m'tauni, inayamba kunjenjemera m'chitenje mwanga ndi mauthenga achipepeso. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kudina. Nyimbo ija inabwera yonse, yosaduka, mpaka kachifuwa ka abambo kumapeto ndi kuseka kwa amayi chapatali.