Masamba Asanu ndi Limodzi Amene Imelda Anadumpha

Imelda anabadwira kwa Zingalume, mwana wachisamba, ndipo sukulu analekezera giredi naini. Sikuti analephera mayeso. Chaka chimenecho chikuku chinalowa m'mudzi, chinatenga ang'ono ake awiri, ndipo mlongo wake Andreya chinamusiya wamoyo koma maso atayera mbuu. Panafunika munthu womugwira dzanja mwanayo. Imelda anapinda yunifolomu yake n'kuiika pansi pa bokosi.

Andreya anakula ndi mutu wakuthwa. Aphunzitsi ankamulola kukhala kumbuyo kwa kalasi n'kumamvera, ndipo anakwera choncho mpaka anafika giredi naini mu 1994, ali ndi zaka makumi awiri. Koma mabuku anali a anthu openya. Asisitere Felicia a ku mishoni anamubwereka wailesi ya kaseti yotha kujambula mawu, pamodzi ndi makaseti khumi ndi awiri opanda kanthu.

"Upeze wokuwerengera mabuku m'menemu," anatero asisitere. "Ukakhoza, malo a giredi teni alipo kusukulu yogonera komweko imene imalandira osaona. Koma wailesiyi ndi ya chaka chimodzi basi. Pali ena akudikira."

Za wowerengayo panalibe amene anafunsa. Onse anangotembenukira kwa Imelda.

Nthawi imeneyo anali pabanja ndi a Filimoni, ali ndi ana atatu, munda wa thonje ndi wa mtedza. Mpata wake unali masana, akaweruka kumunda, akatunga madzi, anzake atagona pamthunzi. Ankapirikitsa nkhuku, kutseka chitseko, kupachika saka pawindo, n'kukhala pansi buku lili pamiyendo. Ngakhale zinali choncho, m'makasetimo munkalowabe atambala, misi ya anthu osinja, ndi mwana wolirira bere.

Kaseti yoyamba anawerenga monga mmene aphunzitsi amachitira pabolodi. Andreya anaimvera mpaka kumapeto, kenaka anaseka.

"Alongo, mukuti 'onani apa, ichi chimalowa umu.' Apa ndi pati? Umu ndi muti?"

"Iwe, ndakuwerengera zonse."

"Mwawerengera alamu angawa, amene ali ndi maso. Kungoti maso awowo Chingerezi samachimva."

"Alamu, mundisiye," anayankha a Filimoni akusema mpini. "Ine Chingerezi changa ng'ombe zimamva."

Imelda anafufuta n'kuyambiranso. Anaphunzira kunena chithunzi chilichonse ndi pakamwa, kuyambira kumanzere, chachikulu poyamba, chaching'ono pambuyo. Akafika patsamba latsopano ankagogoda kapu ndi supuni n'kutchula nambala yake. Kaseti iliyonse anaimangirira ulusi wa mfundo: mfundo imodzi masamu, ziwiri sayansi, zitatu mbiri, kuti Andreya azidziwa ndi chala. Mapu a dziko anawasoka pasaka, mitsinje ndi luzi, matauni ndi nyemba. Pofuna kusunga mabatire, kaseti ankaibweza ndi bolopeni, kuizunguza mpaka dzanja kuwawa, ndipo mabatire otopa ankawayanika padenga. Anthu odutsa ankati masisitere akuchita ntchito yaikulu pa mwana uja.

M'mwezi wa Ogasiti, thonje atatola, anafika patsamba 62 la buku la sayansi. Panali mutu wa za kubereka kwa anthu. Thupi la mwamuna ndi la mkazi anazijambula zotsegula, chiwalo chilichonse chili ndi muvi ndi dzina lake.

Imelda anatseka bukulo. Zinthu zimenezi iye anazimva kwa alangizi, m'nyumba yotseka, akazi okhaokha. Mlongo sakhalira mphasa imodzi ndi mlongo wake, nanga n'kumutchulira za m'kati mwa nsalu? Ndipo sikunali kutchula kamodzi n'kutha. Mawu akewo akanakhala m'kaseti, Andreya n'kumawabweza m'khutu mwake m'mawa ndi madzulo.

Anadziuza kuti Chingerezi ndi chovala, chiphimba. Anadina batani lofiira. Kaseti inazungulira, inazungulira, pakamwa pali gwaa. Anayesa masiku atatu.

Kwa asisitere sakanapita nayo nkhani yotere. Anasenza wailesi kupita kwa aphunzitsi a sayansi, nawauza mozungulira, maso ali pansi, kuti pali masamba ofunika mawu aamuna.

"Siyani pompo, mayi, ndiwerenga Loweruka."

Panapita Maloweruka atatu. Wailesi inabwerako mabatire atatheratu, m'kaseti muli nyimbo za rumba. Mayeso anali atayandikira, ndipo mabuku ena awiri anali asanawerengedwe. Imelda anagogoda kapu ndi supuni n'kunena kuti, "Tsamba 68."

Andreya sanachedwe kuzindikira.

"Mwachoka pa 61 n'kukatera pa 68. Enawo yadya mbuzi?"

"Ndi zithunzi zokhazokha."

"Zithunzi inu mumazinena."

"Izi n'zofufutika. Sizioneka."

Andreya anapendeka mutu ngati akumvetsera chinthu chakutali. Kenaka anati chabwino. Chiyambire, mlongo wake anali asanamunamizepo njira, ngakhale ya kuchitsime.

Mayeso anafika mu Novembala. Mphunzitsi wina ankamuwerengera mafunso n'kumalemba zimene iye ankayankha. Tsiku la sayansi Andreya anabwerako wopanda nthabwala, ndipo chakudya anangochigwira n'kusamba m'manja. Zotsatira zinatuluka chimanga chitamasula. Masamu anakhoza, mbiri anaposa onse a m'kalasi mwake, koma sayansi inamukokera pansi, ndipo anaperewera pang'ono pa malikisi olowera giredi teni. Malo aja anapatsidwa wina.

Patapita masiku, awiriwo anali pakhonde, wina uku wina uko, akusenda mtedza wa ndiwo.

"Tsiku lija anandiwerengera mafunso a zinthu zimene sindinazimvepo," anatero Andreya. "Ndinayesa ndine ndinawodzera pomvera. Ndabwereza makaseti onse a mfundo ziwiri. Mulibe."

Imelda anapitiriza kusenda mtedza, ndipo Andreya anafunsa.

"Zinali pamasamba aja?"

"Inde."

"Sizinali zofufutika."

"Ayi."

"Mukanangoti, Andreya, apa pakamwa panga pakanika. Ndikanapita nalo buku kwa anzanga, akanandiwerengera akuseka, koma ndikanamva."

"Ukanandifunsa kuti pakanika chifukwa chiyani. Ndikanati chiyani?"

Andreya anapapasa m'lichero, napeza mtedza wina n'kuuswa. Nkhaniyo sanaiyambenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Kubwereza kalasi popanda wailesi kunali kosatheka. Anapita kwa mkulu wina wa m'mudzimo kukaphunzira kuluka malichero ndi madengu, ndipo ndiyo inakhala ntchito yake.

Uthenga unabwera wochokera kwa asisitere kuti wailesi ibwerere. Inkapita kwa Zemba, kwa mtsikana wosaona dzina lake Ebelesi, pamodzi ndi makaseti onse monga mmene analiri, chifukwa anajambulidwa bwino.

M'mawa wa tsiku lokapereka, Imelda anauza ana ake kuti amutenge malume awo apite naye kudimba, ndipo asabwereko mpaka dzuwa lifike pamutu. Anaima pakhomo mpaka mawu awo anazimiririka. Anatseka chitseko, anatenga kaseti ya rumba ija, anagogoda kapu.

"Tsamba 62."

Anawerenga liwu lililonse. Ananena chithunzi chilichonse kuyambira kumanzere, muvi ndi muvi, dzina ndi dzina, kwa mwana wa eni amene sanamuonepo. Masamba onse asanu ndi limodzi anatha mbali imodzi ya kaseti isanathe, ndipo atadina batani loimitsira anakhala pansipo nthawi yaitali, manja ali pamiyendo, poona kuti ntchitoyo inali yaifupi chotere.

Anakulunga wailesi ndi makaseti m'chitenje, anasenza, n'kuyenda wapansi mpaka ku mishoni. Asisitere anali atachokapo, ndiye anasiya katunduyo kwa wophika. Pobwerera anapeza Andreya ali kuseri kwa nkhokwe akung'amba nsungwi ndi mpeni.

"Mwapereka?"

"Ndapereka."

Andreya anayeza kunenepa kwa nsungwi ndi chala, naing'ambanso pakati. Imelda anatenga ndowa, popeza m'nyumba munalibe madzi.