Njira ya Akatswiri Yopita ku Mponela

Ndikaona anyamata a njinga zampikisano ali wefuwefu pa M1, ndimawamvera chisoni, ine katswiri amene dziko lino linataya.

Mphunzitsi wanga anali bambo anga. Popita kukagulitsa mtedza ku Mponela sitinkadzera mumsewu. Tinkazungulira m'mapiri a Dowa, ine ndikupalasa ndi thumba pakaliyala. Iwo ankatsatira pa njinga yopanda katundu.

"Palasa, iwe! Msewu ndi wa anthu ofooka. Mpweya umakula pachitunda!"

Ndinkakhulupirira ndithu kuti akundikonzekeretsa mpikisano wa dziko lonse.

Ndinadzazindikira nditamera ndevu kuti pamsewupo pankaima anyamata a chipani ofunsa makhadi, ndipo bambo analibe. Khadilo linali lotchipa kuposa matayala awiri amene ukatswiri wanga unaphulitsa.