Maliro a Tsidya la Ruo

Ntchitoyi ndinaipezera kutchalitchi. Ife amayi tinkapita kundende ya pa Milange kukapemphera ndi akaidi. Tsiku lina a Dona Felizarda, oyang'anira anthu ogwira chilango ali kwawo, anandiitanira pambali. "Mama, za sikola musadandaule. Ndikufuna munthu woti anthuwa azimuuza zoona." Ndinathokoza Mulungu, ine wolekezera kalasi yachisanu.

M'mawa ndinkawagawira makasu, zikwakwa ndi wilibala kuti akalambule kuchipatala, masana n'kumawayendera m'makomo pa njinga. Lamulo lalikulu linali loti asatuluke m'dziko popanda chilolezo cha woweruza wa ku tiribunali. Komatu kwathu kuno, kutuluka m'dziko ndi kungokwinya chitenje n'kuwoloka mtsinje wa Ruo.

Mmodzi mwa iwo anali a Zakaliya, amene anavulaza mnzawo polimbirana malire a munda. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pansi, chikwakwa chili uko, foni ili m'manja. Mayi awo anali atamwalira ku Muloza, tsidya la Malawi, kumene anatsalira nkhondo itatha. Kuika kunali mawa lake.

Tinathamangira kwa a Dona. Woweruza anali ku Quelimane, foni yake yosapezeka.

"Mukawoloka, mubwerera kundende," anatero a Dona. "Ana anu adzadya chiyani?"

Titatuluka, a Zakaliya anandigwira mkono. "Amayi, ine ndine woyamba kubadwa. Dothi loyamba aponye ndani? Inu mungoyang'ana kumbali basi."

"Achimwene, ine ndingayang'ane kumbali. Nanga abale a munthu munamuvulaza uja? Suja amagulitsa nthochi padoko pomwepo?"

Analira ngati mwana. Tinapemphera, koma Amen ndinanena ndekha.

Kutacha tinawoloka ine ndi akazi awo, a Zakaliya n'kutsala. Kumanda, mlongo wawo wa a Zakaliya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye boma latitumizira inu? Munayamwa bere la malemuwa?" Ndinagwada, ndinatapa dothi, n'kuponya ndikutchula dzina la a Zakaliya.

Chilango anamaliza, kundende sanabwerereko, ana awo akukula bwino. Koma tikakumana pamsika amangopereka moni wa "Bom dia", maso ali pansi. Zimenezi ndimazitulabe kwa Ambuye.

Masiku ano munthu watsopano akabwera, ndisanamupatse khasu ndimayamba ndamufunsa: "Tsidya muli ndi ndani wokalamba kapena wodwala?" Chilolezo timapempha sabata yomweyo, akawaone akadali ndi moyo.