Zidzolo Zanga ndi Mwana wa Anti

Ndimakumbukira botolo la kalamaini ndi nthenga ya nkhuku yomwe ankandipakira mankhwalawo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tinkakhala ku Chitipa, komwe bambo, wapolisi wochokera ku Ntcheu, anawatumiza kukagwira ntchito. Inali nyengo yozizira, mphepo ya ku Mafinga ikung'amba milomo, pamene ndinatuluka zidzolo thupi lonse ndi mwanabele kuseri kwa makutu.

Mayi anati ndi chikuku. Kwathu mwana wa chikuku sasamalidwa ndi munthu wotentha, ndiye kuti amene akugona ndi mwamuna wake, kuopa kuti matenda angakule. Wozizira pafupi analipo mmodzi yekha: mkazi wa amalume, mtsikana wa ku Wenya yemwe tinkangomuti anti. Amalume anali atatha mwezi ku Tanzania, komwe ankaoda zitenje.

Mayi anandinyamula nakandisiya kwa anti. Masiku asanu ndinagona nawo pamphasa imodzi, m'bulangete limodzi, ndikuwatsokomolera kumaso. Ankandipaka mankhwala ozizira aja ndi nthenga, akuti, "Leka kulira, mwana wane." Ndinachira msanga. Anti anangotentha thupi tsiku limodzi, tizidzolo pakhosi, basi.

Palibe anawafunsa ngati anali oyembekezera. Anali ndi mimba ya miyezi iwiri, koma mimba yosaoneka siinenedwa. Miyambo iwiri, yonse yotetezera mwana, inagwirizana kumuvulaza. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwira.

Mimba itaoneka, anti ankapita kusikelo, ndipo anabayitsa katemera wa kafumbata monga amayi ena onse. Chimanga chikumasula, anabereka mwana wamwamuna. Diso limodzi linali ndi ng'ala, loyera ngati mkaka. Poto akagwa pambali pake, mwanayo sankadzidzimuka.

Ine ndi mayi tinawaperekeza kuchipatala. Namwino atamuona mwanayo anafunsa anti, "Mimba ili yaing'ono, munatulukapo zidzolo? Kapena panali mwana wodwala pakhomo?"

"Ayi," anayankha mayi, anti asanatsegule n'pakamwa pomwe.

"Ine ndinadwala," ndinatero.

Mayi ananditsina pantchafu mpaka chikhadabo chinalowa. "Mwana uyu ngolongolola," anauza namwino akuseka. Anti anangozolika. Mtengwa satsutsa alamu ake pagulu.

Amalume ankafuna wolakwa, ndipo anamupeza m'kabuku ka kusikelo. "Ndani anakutuma kukabayitsa jakisoni? Wandiwonongera mwana." Ananena pakhonde, ananenanso pamsika akuyeza zitenje, mpaka amayi ena oyembekezera anayamba kuzemba tsiku la katemera. Munthu wosadziwa kuwerenga bwino ndi dzina lomwe la jakisoniyo anasanduka dokotala wa msika wonse.

Lero ndikudziwa kuti sichinali chikuku chenicheni. Inali rubela, nthenda yopepuka kwa mwana woyenda, koma yankhanza kwa khanda lomwe likungoumbika m'mimba: imatseka makutu, imaphimba maso, nthawi zina imawononga ndi mtima womwe. Katemera wa kafumbata sanalakwe kanthu. Wa rubela, yemwe akanatiteteza tonse, anali asanafike kwathu. Masiku ano ana amalandira, anga onse ndinawabayitsa, ndipo wina akandiuza kuti jakisoni amawononga ana, ndimachita kudzigwira kuti ndisamutukwane.

Mayi sindiwakwiyira chifukwa cha kusadziwa. Kusadziwa tinali nako tonse. Ndimawakwiyira chifukwa cha "ayi" uja. Funso la namwino analimva bwino, anaona kumene linkaloza, anaopa mkwiyo wa mchimwene wawo, nasankha kuti mlandu ugwere mwana wa eni. Anamwalira osabweza mawuwo.

Amalume anathamangitsa anti mvula isanathe. M'mawa wa tsiku lonyamuka, anti anabwera kwathu, mwana kumbuyo, kachikwama m'manja. Anagwada pamaso pa mayi, natsazika m'chinenero cha kwawo nati, "Yewo, alamu. Khalani makora." Anathokoza ndithu. Kenaka anandisisita kumutu, napita kukadikira matola a ku Wenya.

Ndinafunsa mayi chifukwa chake anti akupita. "Analakwa," anatero, maso ali kumbali.

Ndinakhulupirira. Mawa lake kusukulu ndinauza anzanga onse kuti anti anawononga mwana wawo ndi jakisoni. Ndinkanena monyadira, poti ndinali ndi nkhani yomwe iwo analibe.